Anyamata a ku Alabama amene anakwera mahatchi kukamenyera Kumpoto

Mwale wa ku Huntsville

Akuluakulu, sabata yatha tinkakangana za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ija ya 1861 mpaka 1865, ndipo ambiri munkailongosola ngati mpira wa matimu awiri, Kumpoto konse mbali iyi, Kumwera konse mbali iyo. Lero ndabwera ndi gulu limodzi la asilikali limene silikwana m'chithunzi chimenecho. Dzina lake ndi 1st Alabama Cavalry, United States Volunteers. Anali azungu obadwira ku Alabama, m'kati mwenimweni mwa Kumwera, koma anavala yunifomu yabuluu ya boma la Lincoln n'kumamenyana ndi Confederacy, boma la zigawo za Kumwera zimene zinachoka mu United States, lomwe likulu lake loyamba linali ku Montgomery, m'chigawo chawo chomwecho.

Nkhaniyi imayambira pa nthaka. Pakati pa Alabama pali dothi lakuda lachonde, ndipo kumeneko n'kumene kunali minda ikuluikulu ya thonje. Kalembera wa 1860 anapeza akapolo oposa 435,000 m'chigawochi, kutanthauza anthu pafupifupi 45 pa 100 alionse. Koma kumpoto chakumadzulo kuli mapiri, zigwembe zakuya ndi dothi losabereka kwenikweni. Anthu akumeneko ankalima chimanga chodya okha ndi kuweta nkhumba, basi. Ku Winston County akapolo analipo 122 okha. Ndiye pamene eni minda ya thonje anati tichoke mu mgwirizano wa United States chifukwa Lincoln wapambana chisankho, anthu a m'mapiri anafunsa kuti ife zikutikhudza pati?

Pa 11 January 1861 msonkhano wa nthumwi unavomereza kuti Alabama ichoke. Ovomera 61, okana 39. Nthumwi ya Winston, mphunzitsi wachinyamata dzina lake Christopher Sheats, anakana kusaina chikalatacho, ndipo pambuyo pake anamutsekera m'ndende. Gulu la apamahatchi limene ndikunenali linachokera mwa anthu amene anatuma Sheats, ndi a m'madera oyandikana nawo.

Tadala92

Mwachidule anali akapirikoni. Kwanu kwagwa nkhondo, iwe n'kukalowa mbali ya amene akubwera kudzatentha kwanuko?

NaPhiri

Tadala, dekha kaye. Woukira ndi ndani pamenepa? Anthuwa anabadwira mu United States, azigogo awo anamenyera mbendera yomweyo. Tsiku lina akudzuka n'kuuzidwa kuti dziko lanu lasintha, pulezidenti wanu tsopano ndi Jefferson Davis. Iwo anangokhala pomwe anali. Amene anasuntha ndi enawo.

Tadala92

Chabwino mayi Phiri, koma tisawadzoze mafuta. Kodi anapita kukamasula akapolo? A Mwale tiyankheni mosapsatira.

Mwale wa ku Huntsville

Ambiri ayi, ndipo sindingawakometsere pamenepo. Kudana ndi mwini akapolo ndi kwina, kumvera chisoni kapolo ndi kwinanso. Pali kalata yodziwika ya mu 1861 imene bambo wina wa ku Winston, James Bell, analembera mwana wake Henry, amene anali atatengeka ndi mbali ya Confederacy. Mfundo yake inali yakuti anthu olemerawo akungofuna kukupopa mtima kuti ukamenyere akapolo awo, ukamaliza kumenya sadzakucheukiranso. Mawu amene anatchula nawo anthu akuda m'kalatamo ndi achipongwe. Mkwiyo wake unali wa munthu wosauka amene akutumidwa kukafera chuma cha wina.

Poyamba ambiri sankafuna kumenyera mbali iliyonse. Anasonkhana pamalo otchedwa Looney's Tavern n'kunena kuti ngati chigawo chili ndi ufulu wochoka m'dziko, ndiye kuti dera nalo lili ndi ufulu wochoka m'chigawo. Apa m'pomwe panachokera dzina loti Free State of Winston, ngakhale sanachoke kwenikweni. Chimene anapempha n'choti mbali zonse ziwiri ziwasiye alime.

Chimene chinawakankhira ku nkhondo ndi lamulo la April 1862, pomwe Confederacy inayamba kulemba usilikali mokakamiza amuna a zaka 18 mpaka 35. Wandalama ankaloledwa kulipira munthu wina kuti apite m'malo mwake. Mu October chaka chomwecho anawonjezera lakuti pamunda pomwe pali akapolo 20, mzungu mmodzi atsale aziwayang'anira. Tangoganizani mmene lamulo limenelo linamvekera kwa munthu amene chuma chake chonse ndi nyulu imodzi ndi nkhumba zinayi. Amuna anathawira m'mapanga ndi m'zigwembe, akazi n'kumawapititsira chakudya mobisa. Magulu a Home Guard, asilikali a Confederacy olondera m'midzi, ankawasaka, kutentha nyumba, kulanda ziweto, kupha kumene. Ngakhale woweruza wa deralo, Tom Pink Curtis, anaphedwa. Zitafika pamenepo kusalowerera kunalibenso malo.

Gogo Nkhoma

Nkhondo ndi anansi, ana inu. Amene amadziwa phanga limene wabisala si mlendo wochokera kutali.

Sajeni wopuma

A Mwale, ine funso langa ndi lantchito. Anthu osauka chotere mahatchi anawatenga kuti? Nanga anafika bwanji kwa asilikali a Kumpoto pomwe njira zonse zinali m'manja mwa adani?

Mwale wa ku Huntsville

Sajeni, Kumpoto ndi kumene kunawayandikira. Mu April 1862 asilikali a General Ormsby Mitchel analanda Huntsville, mzinda womwe ndikukhala uno, ndipo kumapeto kwa May Corinth ku Mississippi inagwanso. Kuchoka ku mapiri a Winston kukafika malo amenewa kunali kuyenda usiku, masana kubisala. Panali anthu odziwa njira amene ankawaperekeza, wotchuka kwambiri ndi Bill Looney, amene ankamutcha Black Fox. Gululi linayamba kukhazikitsidwa chakumapeto kwa 1862, ndipo likulu lake lenileni linadzakhala Corinth, pansi pa General Grenville Dodge. Dodge anali munthu wokonda ukazitape, ndipo anaona msanga phindu la anthu olankhula mofanana ndi adani, odziwa mtsinje uliwonse pomwe umaolokeka. Utsogoleri wa gululi anaupereka kwa George Spencer, wobadwira ku New York, amene ankakhala ku Iowa ndipo anali mu ofesi ya Dodge yemweyo. Maofesala ambiri apamwamba anali ochokera Kumpoto. Asilikali wamba ndiwo anali eni dera.

Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti amuna 2,066 anadutsa m'gululi nkhondo yonse. Sanakhalepo onse nthawi imodzi, chifukwa makampani ena analembetsa chaka chimodzi chokha, ena zaka zitatu.

Za mahatchi, boma ndi limene linkapereka.

Sajeni wopuma

Apo ndiye pali nkhani imene anthu osadziwa za usilikali amaidumpha. Ku Confederacy wapahatchi ankabwera ndi hatchi yakeyake, boma n'kumamulipira masenti 40 patsiku. Ikafera pankhondo ankamubwezera mtengo wake, koma ikafa ndi matenda kapena kutopa, zake zimenezo, apite kwawo akasake ina. Ndiye usilikali wapahatchi Kumwera unali wa anthu opezako bwino. Mnyamata wa m'mapiri akanalembedwa mokakamiza akanayenda wapansi, fumbi la mahatchi a ana a eni thonje likumuthira kumaso. Kumpoto anamupatsa hatchi, chishalo, mfuti yaifupi ndi malipiro. Musachepetse chimenecho.

Chinanso, musamaganize za m'mafilimu, malupanga m'mwamba, kuthamangira mdani. Zinkachitika koma mwa apo ndi apo. Ntchito yaikulu ya apamahatchi inali kuzonda, kulondera ngolo za katundu, kudula mawaya a telegalafu, kuzula njanji, kunyamula mauthenga. Pomenyana nthawi zambiri ankatsika. Amawerengana anayianayi, wachinayi amatsala m'mbuyo atagwira zingwe za mahatchi onse anayi, atatu aja n'kupita kutsogolo ndi mfuti. Ndiye gulu la anthu 400 limaika anthu 300 okha pamzere. Ndipo madzulo, iwe usanadye, hatchi iyambe yamwa, yadya, waichotsa chishalo, wayang'ana msana ngati watupa ndi ziboda ngati chitsulo chaguluka. Hatchi ya zilonda pamsana ndi yotayika. Mahatchi ndi nyulu zimene zinafa pa nkhondo imeneyi zimayerekezedwa kupitirira miliyoni imodzi, zambiri chifukwa cha njala, matenda ndi kutopa, osati zipolopolo.

Tadala92

Sajeni mukulankhula ngati munakwerapo kkkk. Ku Cobbe Barracks kunali mahatchi?

Sajeni wopuma

Mwanawe, ife tinkayenda ndi Land Rover ndi miyendo. Koma kusamala chokwera usanadzisamale wekha ndi lamulo la msilikali aliyense.

NaPhiri

Nanga pankhondo penipeni anachita zotani? Chifukwa mpaka pano tangomva za kuthawa ndi kubisala.

Mwale wa ku Huntsville

Chiyambi chawo sichinali chonyaditsa, mayi. Mu April 1863 Colonel Abel Streight wa Kumpoto ananyamuka ndi asilikali pafupifupi 1,700 kuti adutse kumpoto kwa Alabama akadule njanji ku Georgia. Makampani awiri a anyamata a m'mapiriwa anali nawo, poti njira ankaidziwa. Vuto linali lakuti ambiri mwa asilikali a Streight anawakweza pa nyulu, zina zosaphunzitsidwa, zina zodwala. General Nathan Bedford Forrest wa Confederacy anawathamangitsa usana ndi usiku osawapatsa mpata wogona. Pa 3 May, pafupi ndi Cedar Bluff, Forrest anali ndi anthu ochepa kwambiri kuposa Streight, koma ankazungulitsa mizinga yomweyomweyo pamalo oonekera kuti izioneka yambiri. Streight, anthu ake akugona chiimire, anagonja.

Mu October chaka chomwecho Spencer anatuluka ndi gululi kuchokera ku Corinth, n'kukumana ndi apamahatchi a Confederacy pa Vincent's Crossroads. Anabalalitsidwa, ena anabwerera ku Corinth payekhapayekha kudzera m'tchire.

Kumbukirani kuti kwa anthu awa kugwidwa sikunali kofanana ndi kugwidwa kwa msilikali wa ku Ohio. Wa ku Ohio ndi mkaidi wankhondo. Wa ku Alabama ankatha kuonedwa ngati wothawa usilikali kapena woukira, makamaka amene anayamba alembedwapo ku Confederacy, ndipo chilango cha zimenezo chinali chingwe kapena mfuti.

Mbiri yawo inakwera mu 1864. Anali nawo pa nkhondo zolanda Atlanta, ndipo pamene General William Sherman wa Kumpoto ananyamuka pakati pa November ndi asilikali pafupifupi 60,000 kudutsa Georgia kupita kunyanja, ena mwa gululi anasankhidwa kukhala omuperekeza iye mwini. Otsalawo nthawi zambiri ankayenda patsogolo pa asilikali a General Frank Blair.

Chimwemwe K.

Bwanji Sherman anakhulupirira anthu a Kumwera kuti azimulondera? Ine ndikanaopa kugona.

NaPhiri

Ine ndikuona kuti n'chifukwa chomwe a Mwale angonena kumene. Munthu amene akudziwa kuti akagwidwa apachikidwa sangakugulitse. Alibe kobwerera.

Mwale wa ku Huntsville

Ndi zomwezo, kuphatikizapo kudziwa dziko ndi kalankhulidwe. Pali kankhani kamene Sherman analemba yekha m'buku la zokumbukira zake. Atatsala pang'ono kufika ku Milledgeville, lomwe linali likulu la Georgia nthawiyo, anagona pamunda wa Howell Cobb, mmodzi wa akuluakulu a Confederacy. Usikuwo kunabwera nkhalamba ina, kapolo, itanyamula kandulo, ikumuyang'anitsitsa kuti itsimikize ngati analidi Sherman. Mkulu wa omuperekeza, Lieutenant Snelling, mwana wa ku Georgia komweko, anaizindikira nkhalambayo kuti ndi kapolo wa amalume ake, amene ankakhala mtunda wa mamailosi asanu ndi limodzi kuchokera pamenepo. Anapempha chilolezo kuti akawaone. Amalumewo sanamulandire ndi manja awiri, poona mphwawo ali mu yunifomu ya anthu amene akuwononga dziko. Snelling anabwerako atakwera hatchi yatsopano ya m'khola la amalume akewo, n'kunena kuti akanapanda kuitenga iye, asilikali ena osakasaka zakudya akanaitengabe.

Tadala92

Mwaona? Kukaba kwa amalume ako enieni. Ndiye muziti si akapirikoni.

Gogo Nkhoma

Kwathu kuno chuma cha malume n'cha mphwake. Anangofulumira kulandira.

Chimwemwe K.

Agogo mwandipha kkkkk

Mwale wa ku Huntsville

Tisekeko, koma Tadala ali ndi mfundo imene sitiyenera kuithawa. Pa ulendo wa ku Georgia gululi linatchuka ndi nkhanza pa katundu wa anthu. Patangopita masiku ochepa chinyamukire ku Atlanta, ofesi ya Blair inalembera Spencer kalata yokalipa, yoti kuthyola nyumba ndi kuwononga katundu kwa asilikali ake kwanyanya, ndipo zikapanda kuleka nthawi yomweyo maofesala onse a gululi amangidwa. Ganizirani, pa ulendo umene ntchito yake inali kuwononga, iwo anafika podzudzulidwa kuti apyola muyeso.

NaPhiri

Sindikuvomereza, koma ndikumvetsa kumene zinachokera. Mnyamata wa ku Illinois ankatentha nkhokwe chifukwa walamulidwa. Uyu ankatentha akukumbukira nyumba ya mayi ake. Ndipo nyumba zikuluzikulu za m'minda ya thonje zimene ankadutsazo zinali za anthu a mtundu womwe uja unapanga lamulo la akapolo 20.

Tadala92

Koma mayi wa ku Georgia amene anamulanda nkhuku ndi zofunda si amene anatentha nyumba ku Winston. Mwina nayenso anali wosauka, mwamuna wake anatengedwa mokakamiza chimodzimodzi.

NaPhiri

Pamenepo sindikutsutsa.

Chisale wa ku Ulongwe

Ndakhala ndikungowerenga. Ife a kuno ku Angonia, ku Mozambique, nkhani ya abale kumenyana mbali ziwiri sitiiwerenga m'mabuku. Nthawi ya Frelimo ndi Renamo, m'mudzi umodzi wina anatengedwa ndi awa, mng'ono wake ndi awo, ndipo ambiri sanasankhe. Amene wayamba kufika pakhomo ndi mfuti ndiye mbali yako. Choncho ndikamva Tadala akuti kapirikoni, ndimafuna ndidziwe kaye kuti munthuyo anapatsidwa mpata wotani. A Mwale, ndinamvapo kuti mabomba okwirira analiponso pa nkhondo imeneyo. N'zoona? Ine ndinkayesa kuti ndi zinthu za m'nthawi yathu ino.

Mwale wa ku Huntsville

Analipo achimwene, ndipo nkhani yodziwika kwambiri ya mabombawa ikukhudza gulu lomweli. Kumayambiriro kwa December 1864, atayandikira Savannah, ofesala wachinyamata wa 1st Alabama, Lieutenant Francis Tupper, ankayenda pamsewu pomwe a Confederacy anakwirira zipolopolo za mizinga zokhala ndi kachipangizo kophulitsa chikapondedwa. Bomba linaphulika, hatchi inafa, ndipo phazi la Tupper linanyenyeka moti mwendo anachita kuudula. Sherman anafika pamalopo mnyamatayo ali chigonere m'mbali mwa msewu kudikira dokotala. Analemba yekha kuti anakwiya kwambiri, ndipo kwa iye imeneyo sinali nkhondo koma kupha munthu mwachiwembu, poti panalibe kumenyana kulikonse pamalopo kapena chenjezo. Anaitanitsa akaidi a Confederacy, n'kuwapatsa mapiki ndi mafosholo, n'kuwalamula kuti ayende patsogolo mothithikana, awafukule mabombawo kapena awaponde okha. Akaidiwo anachonderera, iye anakana. Anayenda monyang'ama, ndipo palibe linaphulikanso.

Chisale wa ku Ulongwe

Kuno dziko linalengezedwa kuti mabomba okwirira atha mu 2015, nkhondo itatha mu 1992. Zaka zonsezo anthu ankalima mbali imodzi ya munda, mbali inayo osaponda. Mkwiyo wa Sherman ndikuumva. Koma kuyendetsa akaidi patsogolo, amene mwina sanakwirire ndi iwo, ndi zomwe ankachitanso kuno ndi anthu wamba ogwidwa m'midzi. Sindingaziyamikire chifukwa choti anachita ndi wa mbali yopambana.

Sajeni wopuma

Masiku ano malamulo a Geneva amaletsa kukakamiza mkaidi wankhondo kugwira ntchito yoopsa ngati imeneyo. Nthawi ya Sherman pangano la Geneva lokhudza akaidi linali lisanalembedwe.

Chimwemwe K.

Nanga Savannah itagwa anathera pomwepo?

Mwale wa ku Huntsville

Ayi, Savannah inagwa pa 21 December, ndipo chaka chotsatira anakwera kudutsa South Carolina ndi North Carolina. Apa Spencer anali akutsogolera magulu atatu, la Alabama, la Kentucky ndi la Ohio, pansi pa General Judson Kilpatrick, munthu wodzitama amene asilikali ake omwe ankamunena kuti amapha apamahatchi ake ndi kusasamala. Pa 10 March 1865, pa Monroe's Crossroads pafupi ndi Fayetteville, Kilpatrick anagona m'nyumba ina osaika alonda okwanira. M'bandakucha apamahatchi a Confederacy otsogoleredwa ndi Wade Hampton ndi Joseph Wheeler anagwera msasawo anthu ali m'mabulangete. Kilpatrick anatuluka ndi malaya ogonera, n'kuthawira kudambo. Zimasimbidwa kuti msilikali wa Confederacy anamufunsa iye mwini kuti Kilpatrick ali kuti, iye n'kuloza munthu wina amene ankathawa pa hatchi. Asilikali wamba, a Alabama ali momwemo, anathawira m'dambomo ndi mfuti zawo, anasonkhananso, n'kubwerera wapansi kudzalanda msasa wawo, pomwe adani ena anali atatanganidwa ndi kutola katundu ndi mahatchi. Pa mbali ya Wheeler panalinso magulu a ku Alabama, ndiye m'mawa umenewo anthu a chigawo chimodzi ankaomberana m'nkhalango ya paini ku North Carolina.

Patangotha milungu isanu ndi iwiri General Joseph Johnston wa Confederacy anagonja kwa Sherman pa Bennett Place, pa 26 April. Gululi linabwerera ku Huntsville ndipo linathetsedwa pa 20 October 1865, litatsala ndi amuna 397.

NaPhiri

Kubwerera kumudzi ndiye kumene ndikufuna kumva. Wapambana nkhondo, koma oyandikana nawo nyumba ndi amene anagonja.

Mwale wa ku Huntsville

Sikunali kolandiridwa ndi nthungululu. Ambiri anapeza minda yathengo, nyumba zopsa, ndi mkwiyo wa mabanja umene unatenga zaka, kubwezerana kupitirira nkhondo itatha. Ena anasamukira kumadzulo. Amene anatsala anali ndi mwayi umodzi, penshoni ya boma la United States, imene msilikali wa Confederacy sankalandira. Iye ankadalira kochepa kochokera ku chigawo chake, ndipo kanabwera mochedwa. Mu 1871 boma linakhazikitsanso Southern Claims Commission, yoti anthu a Kumwera amene anakhala okhulupirika abwezeredwe katundu amene asilikali a Kumpoto anawatengera. Inde, a Kumpoto omwewo, chifukwa msilikali wanjala safunsa kuti nkhumba iyi mwini wake amavotera ndani. Wodandaula ankayenera kubweretsa mboni zotsimikiza kuti sanathandizepo Confederacy, ndipo maumboni amenewo ndiwo amatiuza zambiri za moyo wa m'mapiri nthawi ya nkhondo.

Winston inakhala ikuvotera chipani cha Republican kwa zaka zambirimbiri pomwe pafupifupi Alabama yonse ya azungu inali ya Democrat. Sheats uja anadzakhala phungu ku Congress.

Ku Double Springs, likulu la Winston, kutsogolo kwa khoti kuli chiboliboli cha msilikali mmodzi chotchedwa Dual Destiny. Ukachiyang'ana mbali imodzi wavala za Kumpoto, mbali inayo za Kumwera, ndipo mbendera zonse ziwiri zili pomwepo. Chikwangwani chake chimati deralo linapereka asilikali 239 ku Union, ndiye kuti Kumpoto, ndi 112 ku Confederacy. Ine chimandisowetsa mtendere pang'ono. Manambala akunena kuti awiri mwa atatu alionse anasankha mbali imodzi, koma wosema anagawa munthuyo pakati ndendende, kuti pasakhale wokhumudwa.

Tadala92

Ndiye bwanji sitimva za iwo? Mafilimu onse a Kumwera ndi yunifomu zotuwa basi.

NaPhiri

Chifukwa amene analemba mabuku a sukulu Kumwera nkhondo itatha ndi ana a mbali yogonja, ndipo nkhani imene ankafuna inali yakuti azungu onse a Kumwera anaima pamodzi kuteteza kwawo, ukapolo sunali nkhani. Anthu 2,000 a ku Alabama ovala zabuluu amaiwononga nkhani imeneyo. Ndipo sanali okha. Chigawo chilichonse cha Confederacy kupatula South Carolina chinatulutsa gulu la azungu omenyera Union, ndipo olemba mbiri amayerekeza onse pamodzi pafupifupi 100,000, ambiri a ku Tennessee ndi kumadzulo kwa Virginia.

Mwale wa ku Huntsville

Mtolankhani Howell Raines, wobadwira ku Birmingham, amene anakhalapo mkonzi wamkulu wa New York Times, anatulutsa buku la gululi mu 2023 lotchedwa Silent Cavalry. Mbali yaikulu ya bukulo ndi mlandu umene akuimba nthambi yosunga mbiri ya Alabama, makamaka nthawi imene inkatsogoleredwa ndi Marie Bankhead Owen kuyambira 1920 mpaka 1955, kuti inakankhira pambali dala nkhani ya anthu okhulupirika ku Union. Ine ndingawonjezere kuti Kumpoto nakonso kunalibe nawo ntchito. Anyamata osauka, ambiri osadziwa kulemba, opanda chigawo chowamangira zipilala. Magulu a ku Massachusetts anali ndi anthu olemba mabuku a mbiri yawo nkhondo itangotha. Awa analibe wowalembera.

Mtsogoleri wawo nayenso sanawathandize. Spencer anakhazikika ku Alabama, nakhala senator kuyambira 1868 mpaka 1879, ndipo dzina lake linadetsedwa ndi nkhani za katangale ndi kugula mavoti. Adani a Reconstruction, ndondomeko ya boma yokonzanso Kumwera nkhondo itatha, ankamuloza monga chitsanzo cha mlendo wodzadyera Kumwera, ndipo fungo lakelo linagwera gulu limene ankalitsogolera.

Tadala92

Ine ndikadali pomwe ndinali pa nkhani ya nkhuku za amayi a ku Georgia. Koma chimene chikundivuta kwambiri n'china. Takamba tsiku lonse za azungu osauka ndi azungu olemera. Anthu 435,000 aja ali kuti m'nkhaniyi? Taona nkhalamba imodzi yokha ya kandulo.

Mwale wa ku Huntsville

M'kaundula wa gululi muli anthu akuda owerengeka, olembedwa monga ophika ndi oyendetsa ngolo. Koma ku Corinth komweko, pansi pa Dodge yemweyo, kunali msasa waukulu wa anthu othawa ukapolo, wokhala ndi nyumba, sukulu, tchalitchi ndi minda yawo. Mu 1863 mumsasamo munatuluka gulu lina lokhalanso ndi dzina la Alabama, 1st Alabama Infantry of African Descent, limene pambuyo pake linatchedwa 55th United States Colored Troops. Iwo mahatchi sanapatsidwe, ankayenda wapansi, ndipo poyamba malipiro awo anali madola 10 pamwezi, n'kuchotsapo 3 a zovala, pomwe mzungu ankalandira 13. Mu June 1864 pa Brice's Crossroads, pamene Forrest anaswa asilikali a Kumpoto a General Sturgis, a 55th ndi anzawo a 59th ndi amene anaima kumbuyo kutchinga kuti otsalawo athawe, patangopita miyezi iwiri chichitikire kuphedwa kwa asilikali akuda pa Fort Pillow m'manja mwa asilikali a Forrest yemweyo. Anthu akuda ochokera ku Alabama amene analowa usilikali wa Union anali ochuluka kuposa azungu a chigawocho amene anachita chimodzimodzi.

Sajeni wopuma

Kutchinga kumbuyo gulu likuthawa ndi ntchito imene palibe msilikali amaipempha. A Mwale, mutipezere mayina a maofesala awo ndi mmene anaimikira mizere tsiku limenelo, ndikufuna ndione ngati Sturgis anawaika pamenepo mwa dongosolo kapena anangowasiya ndi ngolo.

Mwale wa ku Huntsville

Anali olondera ngolo, Sajeni, pansi pa Colonel Edward Bouton. N'chifukwa chake anali kumbuyo pomwe mzere wakutsogolo unasweka, ndipo Bouton anawalowetsa pankhondo kampani imodzi imodzi mmene ankafikira pamlatho wa Tishomingo Creek.